Dora Lush

Dora Mary Lush (31 Julayi 1910 – 20 Meyi 1943) anali wasayansi wa ku Australia yemwe ankafufuza za mabakiteriya ndi mavairasi. Ntchitoyi anaigwira kwa zaka 9: anayambira ku Walter and Eliza Hall Institute mumzinda wa Melbourne, anapita ku National Institute for Medical Research ku London, kenako anabwereranso ku Melbourne. Anathandiza kukonza njira yochulukitsira mavairasi m'mazira a nkhuku ndi kuwawerenga, ndipo anafufuza za mavairasi oyambitsa matuza a pamilomo, chimfine ndi matenda a akalulu otchedwa myxomatosis.

Lush anamwalira ali ndi zaka 32 atadzibaya chala mwangozi ndi singano ya jakisoni yomwe inali ndi tizilombo ta matenda a scrub typhus. Nthawiyo n'kuti akufunafuna katemera woteteza asilikali ku matendawa, ndipo mankhwala ake anali asanapezeke. Imfa yake ndi imodzi mwa ngozi zodziwika bwino za m'labotale, ndipo imasonyeza kuti kukula kwa ngozi ya singano sikuoneka ndi kukula kwa bala ayi, koma ndi zimene singanoyo yalowetsa m'thupi ndiponso ngati chithandizo chilipo.

Ubwana ndi maphunziro

Lush anabadwira ku Hawthorn, dera la mumzinda wa Melbourne m'chigawo cha Victoria. Bambo ake, John Fullarton Lush, anali kalaliki, ndipo mayi ake anali Dora Emma Louisa, wa ku banja la Puttmann. Mlongo wake wamng'ono, George Lush, anadzakhala woweruza ku khoti lalikulu la Victoria.

Anaphunzira pasukulu ya atsikana ya Fintona, kenako analowa ku yunivesite ya Melbourne, komwe analandira digiri yoyamba ya sayansi m'chaka cha 1932 ndi digiri yachiwiri m'chaka cha 1934. Kuwonjezera pa maphunziro, ankakondanso masewera. Sanaphunzire udokotala, luso lake linali la m'labotale, monga kuchulukitsa tizilombo, kutisiyanitsa, kutiyeza ndi kutibayira m'nyama zoyeserapo. M'zaka zimenezo ntchito yambiri yamanja ya mtundu umenewu m'malabotale a ku Australia ndi ku Britain inkagwiridwa ndi amayi omwe anali ndi madigiri a sayansi, pomwe maudindo akuluakulu ankakhala ndi abambo omwe anali madokotala.

Ntchito yake ndi Macfarlane Burnet

M'chaka cha 1934 Lush analembedwa ntchito ku Walter and Eliza Hall Institute, bungwe lofufuza za matenda lomwe linakhazikitsidwa m'chaka cha 1915 ndipo linkagwira ntchito limodzi ndi chipatala chachikulu cha Melbourne. Mkulu wa bungweli panthawiyo anali Charles Kellaway. Lush anaikidwa m'gulu la Frank Macfarlane Burnet, yemwe anadzalandira mphoto ya Nobel m'chaka cha 1960. Awiriwa anagwira ntchito limodzi kwa zaka pafupifupi 5 ndipo analemba limodzi malipoti angapo a kafukufuku.

Poyamba anafufuza za mavairasi omwe amagwira mabakiteriya, otchedwa bacteriophage. M'chaka cha 1936 Burnet ndi Lush anafalitsa zomwe anapeza pa mabakiteriya a mtundu wa Staphylococcus. Anaona kuti si nthawi zonse pamene vairasi imapha bakiteriya amene yalowamo: nthawi zina imabisala mkati mwake, n'kumapatsiridwa kwa ana a bakiteriyayo akamagawikana, ndipo mabakiteriya oterewa sagwidwanso ndi vairasi yomweyo. Nkhaniyi inadzamveka bwino patapita zaka zoposa 10, kudzera m'ntchito ya André Lwoff wa ku France, koma lipoti la mu 1936 limawerengedwa m'gulu la ntchito zoyambirira pankhaniyi.

Ntchito yachiwiri inali ya mazira. Mavairasi sachulukana m'mbale ya chakudya monga amachitira mabakiteriya ambiri, chifukwa amafuna maselo amoyo. M'chaka cha 1931 Alice Woodruff ndi Ernest Goodpasture a ku America anasonyeza kuti mavairasi ena amatha kuchulukana pakachikopa kopyapyala komwe kamakuta mwanapiye m'dzira. Gulu la Burnet linasandutsa njirayi kukhala chida chowerengera. Ankatenga dzira lomwe lafungatiridwa kwa masiku pafupifupi 12, kuboola chikamba chake mosamala, kudonthezera madzi okhala ndi vairasi pakachikopako, kutseka bowolo, n'kulibwezera pamalo otentha. Pakapita masiku awiri kapena atatu, pakachikopapo pankatuluka timadontho toyera. Kuwerenga timadonthoti kunkawauza kuchuluka kwa vairasi m'madzi aja. Akasakaniza vairasiyo ndi madzi a m'magazi a munthu kapena nyama yomwe inadwalapo, timadontho tinkachepa, ndipo kuchepako kunkasonyeza mphamvu ya chitetezo cha m'magaziwo. Ntchito imeneyi inkafuna dzanja losanjenjemera ndi ukhondo waukulu, ndipo Lush anaidziwa kwambiri.

Pogwiritsa ntchito njirayi, m'chaka cha 1937 anachulukitsa m'mazira vairasi ya myxomatosis. Nkhaniyi inali yaikulu ku Australia chifukwa akalulu obwera kuchokera ku Ulaya anali ataswana kwambiri n'kumawononga msipu wa nkhosa ndi ng'ombe. Vairasi imeneyi ndi yomwe inadzatulutsidwa kutchire m'chaka cha 1950 kuti ichepetse akaluluwo. M'chaka cha 1939 Burnet ndi Lush anafalitsanso kafukufuku wa vairasi ya herpes simplex, yomwe imayambitsa matuza a pamilomo. Poyeza magazi a anthu ambiri, gulu lawo linathandiza kukhazikitsa mfundo yomwe masiku ano ndi yodziwika, yoti munthu amatenga vairasiyi kamodzi, nthawi zambiri ali mwana, ndipo imakhalabe m'thupi moyo wake wonse n'kumadzuka nthawi ndi nthawi.

Ogwira ntchito m'labotaleyi ankadziwa kuti tizilombo timene ankafufuza tikhoza kuwatembenukira. Pamene Burnet ndi Mavis Freeman ankafufuza kachilombo ka matenda a Q fever, omwe anaoneka koyamba pakati pa ogwira ntchito yopha nyama ku Brisbane, Burnet yemweyo anatenga matendawo m'labotale, koma anachira.

Ku London nthawi ya nkhondo

Kumayambiriro kwa chaka cha 1939 Lush anapita ku London kukagwira ntchito ku National Institute for Medical Research ku Hampstead. Cholinga chake chinali chokafufuza za vairasi ya poliyo pansi pa Patrick Laidlaw, mmodzi wa asayansi atatu omwe anapeza vairasi ya chimfine cha anthu m'chaka cha 1933. Anzake anali Wilson Smith ndi Christopher Andrewes. Koma m'mwezi wa Seputembala chaka chomwecho Nkhondo Yachiwiri ya Padziko Lonse inayamba, ndipo Laidlaw anamwalira m'chaka cha 1940. Ntchito za bungweli zinatembenukira ku zofuna za nkhondo.

Lush anakhalabe ku London m'nyengo yonse yomwe ndege za Germany zinkaponya mabomba mumzindawu. Anthu ankagona mothithikana m'malo obisalamo, m'zipatala ndi m'misasa ya asilikali, choncho boma linkaopa miliri yofala kudzera mumpweya ndi m'fumbi. M'chaka cha 1940 Lush analemba nawo lipoti, limodzi ndi Marinus van den Ende wa ku South Africa, losonyeza kuti kupaka mafuta pansi m'zipinda kumachepetsa mabakiteriya ouluka ndi fumbi. Anafufuzanso za chimfine limodzi ndi Andrewes ndi Charles Stuart-Harris, ndipo m'chaka cha 1941 analemba za kupezeka kwa chimfine cha mtundu wa B kumwera kwa England.

Chakumapeto kwa nthawi yake ku London analowa m'ntchito yokhudza katemera wa typhus, matenda ofalitsidwa ndi nsabwe omwe anapha anthu mamiliyoni kum'mawa kwa Ulaya m'nthawi ya Nkhondo Yoyamba ndi zaka zotsatira. Tizilombo ta gulu limeneli tinali kale ndi mbiri yopha otifufuza. Howard Taylor Ricketts wa ku America anamwalira ndi typhus ku Mexico City m'chaka cha 1910, ndipo Stanislaus von Prowazek anamwalira ndi matenda omwewo ku Cottbus m'chaka cha 1915. Dzina la kachilomboka, Rickettsia prowazekii, linachokera ku mayina a anthu awiriwa. Lush anabwerera ku Melbourne m'chaka cha 1942 ali ndi luso losamalira tizilombo totere, luso lomwe dziko lake linkalifuna mwamsanga.

Matenda a scrub typhus ndi kufunika kwa katemera

M'chaka cha 1942 nkhondo inafika pakhomo pa Australia. Asilikali a dzikoli ndi a ku America ankamenyana ndi a ku Japan ku New Guinea, m'malo monga Kokoda, Milne Bay ndi Buna. Kumeneko matenda ankagwetsa asilikali ambiri kuposa zipolopolo. Malungo ndiwo ankagwira anthu ochuluka, koma anali ndi mankhwala. Scrub typhus inkagwira ochepa, koma inkaopedwa kwambiri chifukwa inalibe mankhwala, inkapha, ndipo wopulumuka ankatenga miyezi kuti apezenso mphamvu.

Matendawa amayamba ndi kachilombo kotchedwa Orientia tsutsugamushi, komwe mpaka m'chaka cha 1995 kankaikidwa m'gulu la Rickettsia. Dzina lakuti tsutsugamushi ndi la Chijapani, ndipo limaphatikiza mawu otanthauza matenda ndi kachilombo. Ndi bakiteriya wamng'ono kwambiri amene amachulukana mkati mwa maselo okha. Amafalitsidwa ndi ana a tizilombo tofiira ta m'gulu limodzi ndi nkhupakupa, tating'ono moti sitioneka bwino ndi maso. Timakhala m'udzu, m'mathengo ndi m'minda yosiyidwa, ndipo nthawi zambiri timaluma makoswe ndi mbewa. Munthu amalumidwa akakhala, kugona kapena kudutsa pamalo pomwe tili. Matendawa amapezeka makamaka ku Asia, kuzilumba za m'nyanja ya Pacific ndi kumpoto kwa Australia. Sapatsirana kuchokera kwa munthu kupita kwa mnzake mwa kukhalira limodzi.

Munthu akalumidwa, pamapita masiku 6 mpaka 21, kawirikawiri 10 kapena 12, asanayambe kudwala. Zizindikiro zake ndi kutentha thupi kwambiri, mutu waukulu, kuphwanya m'thupi, kutupa kwa mwanabere ndi zidzolo. Pamalo olumidwa pamatha kukhala kachilonda ka nkhanambo yakuda, kooneka ngati papsa ndi ndudu. Tizilomboti timalowa m'maselo omwe amakuta mkati mwa mitsempha ya magazi, ndipo chifukwa mitsempha ili paliponse m'thupi, matenda akakula amawononga mapapo, mtima, impso ndi ubongo. Popanda mankhwala, chiwerengero cha omwalira chimasiyana malinga ndi dera ndi mtundu wa kachilombo. M'madera ena chinkafika pa anthu 30 mwa 100 alionse odwala.

Asilikali a mayiko ogwirizana okwana zikwizikwi anadwala matendawa ku New Guinea, kuzilumba zoyandikana nako ndi ku Burma. Ena mwa omwe anakumana nawo ku Burma anali asilikali a ku Africa a m'gulu la 11th East African Division, lomwe munali magulu a King's African Rifles ochokera ku Nyasaland ndi gulu la Northern Rhodesia Regiment. Gululi linamenya nkhondo m'chigwa cha Kabaw m'chaka cha 1944.

Panali chifukwa choyembekezera kuti katemera atheka. M'chaka cha 1938 Herald Cox wa ku America anasonyeza kuti tizilombo ta Rickettsia timachulukana bwino m'kathumba ka chikasu cha dzira, ndipo njirayi inapereka katemera wa typhus ya nsabwe yemwe asilikali ambiri anabayidwa. Katemerayu sankateteza ku scrub typhus, koma zinkaoneka kuti njira yofanana ikhoza kuthandiza. Popeza Lush ankadziwa za mazira ndi za typhus zomwe, ntchito yofufuza katemera wa scrub typhus ku Melbourne inagwera m'manja mwake.

Ngozi ndi imfa yake

Kuti tizilombo ta scrub typhus tisafe m'labotale, ofufuza ankatisamutsa kuchokera m'mbewa yodwala kupita m'mbewa ina. Ankatenga ziwalo kapena madzi a m'mimba mwa mbewa yodwala, kuzisungunula, kuzikoka m'jakisoni, n'kubaya mbewa yatsopano. Pobaya, munthu amagwira mbewa ndi dzanja limodzi pachikopa cha pakhosi, jakisoni ali kudzanja linalo. Zala zogwira mbewa zimakhala pafupi kwambiri ndi nsonga ya singano, ndipo mbewa ikaphiriphitha kapena dzanja likaterereka pang'ono, singano imatha kuphonya n'kulasa wobayayo.

Pa 27 Epulo 1943, akubaya mbewa, Lush anadzibaya chala ndi singano yomwe inali ndi tizilombo ta scrub typhus. Panalibe mankhwala oti amwe kuti matenda asayambe. Mankhwala a sulfa, omwe anali ofala nthawiyo, sagwira tizilombo ta gulu limeneli. Penicillin anali atangoyamba kupangidwa ndipo ankasowa, komanso ngakhale akanapezeka sakanathandiza, chifukwa sapha Orientia. Chimene madokotala akanatha kuchita chinali kumusamalira, kuchepetsa kutentha thupi ndi kudikira kuti thupi lake lilimbane nawo lokha.

Atadwala anagonekedwa ku Royal Melbourne Hospital. Ali pabedi analimbikira kuti anzake azimutenga magazi pafupipafupi kuti awagwiritse ntchito pakafukufuku. Pempholi linali ndi tanthauzo la sayansi: msilikali wodwala kunkhondo sankadziwa tsiku limene analumidwa ngakhale mtundu wa kachilombo komwe kanamulowa, pomwe kwa Lush tsiku ndi kachilombo zonse zinkadziwika, choncho magazi ake akanasonyeza mmene matenda ndi chitetezo cha m'thupi zimayendera tsiku ndi tsiku. Anamwalira pa 20 Meyi 1943, patapita masiku 23 chichitikireni ngoziyo, ndipo mtembo wake unawotchedwa. Imfayi inakhudza kwambiri Burnet, yemwe ankamuona Lush kukhala katswiri wa mabakiteriya waluso kuposa onse amene anagwirapo nawo ntchito. Pambuyo pake bungweli silinapitirize ntchito ya scrub typhus.

Chifukwa chake bala laling'ono linapha

Khungu ndilo linga loyamba la thupi, ndipo tizilombo tambiri sitingaliboole tokha. Singano imadutsa lingali n'kusiya tizilombo pafupi ndi mitsempha ya magazi. Si aliyense wobayidwa amene amadwala. Ngozi imakula kapena kuchepa malinga ndi zinthu zingapo.

Choyamba ndi mtundu wa kachilombo. Tizilombo tina timafuna kulowa tambiri kuti munthu adwale, pomwe tina, monga ta gulu la Rickettsia ndi Orientia, tochepa chabe timakwanira. Chachiwiri ndi kuchuluka kwake. M'labotale tizilombo timachulukitsidwa dala, choncho kadontho kamodzi kangathe kukhala ndi tizilombo tochuluka kwambiri kuposa timene munthu angatenge m'chilengedwe. Chachitatu ndi chida chomwe chabaya. Singano ya jakisoni ili ndi mphako mkati ndipo imasunga madzi, motero imalowetsa zambiri kuposa singano yosokera bala kapena lumo. Bala lakuya ndi loopsa kuposa kukalika pamwamba. Magolovesi amapukutako zina mwa zomwe zili kunja kwa singano, koma saletsa singano kulowa. Chachinayi ndi chitetezo cha wobayidwayo, makamaka ngati analandira katemera. Chachisanu ndi chithandizo: kodi alipo mankhwala oletsa matenda kuyamba kapena owachiza, ndipo aperekedwa msanga? Pangozi ya Lush zambiri mwa zimenezi zinakumana: kachilombo koopsa kochulukitsidwa m'labotale, singano yamphako, popanda katemera ndiponso popanda mankhwala.

Kusiyana kwa tizilombo kumaonekanso bwino pa mavairasi atatu omwe ogwira ntchito zachipatala amawaopa masiku ano. Munthu akabayidwa ndi singano yokhala ndi magazi a munthu yemwe ali ndi HIV, mwayi woti atenge kachilomboka ndi pafupifupi 3 pa 1,000. Pa hepatitis C ndi pafupifupi 2 pa 100. Pa hepatitis B, kwa munthu wosalandira katemera, ndi pakati pa 6 ndi 30 pa 100, malinga ndi kuchuluka kwa vairasi m'magazi a wodwalayo. Ziwerengerozi ndi za magazi a odwala. Sizigwira ntchito pa vairasi yochulukitsidwa m'labotale, yomwe ngozi yake ndi yaikulu kuposa pamenepa.

Zomwe zinachitika pambuyo pake

Katemera yemwe Lush ankafuna sanapezeke. Chakumapeto kwa nkhondo dziko la Britain linapanga katemera wambiri kuchokera m'mapapo a makoswe, koma sanasonyeze kuti amateteza. Vuto lalikulu ndi loti Orientia ili ndi mitundu yambiri, monga Karp, Gilliam ndi Kato, ndipo chitetezo cha mtundu umodzi sichitchinjiriza bwino kapena kwa nthawi yaitali ku mitundu ina. Mpaka lero palibe katemera wovomerezeka wa scrub typhus. Chomwe chinathandiza asilikali m'zaka zotsala za nkhondo chinali kupaka zovala mankhwala othamangitsa ndi kupha tizilombo toluma, monga dibutyl phthalate, ndi kulambula malo omanga misasa.

Mankhwala ochiza anabwera patangopita zaka 5 Lush atamwalira. M'chaka cha 1948 gulu la Joseph Smadel wa ku America, pogwira ntchito ndi Institute for Medical Research ku Kuala Lumpur, linayesa chloramphenicol pa odwala scrub typhus, ndipo kutentha thupi kunkatsika m'masiku ochepa. Masiku ano mankhwala omwe amagwiritsidwa ntchito kwambiri ndi doxycycline. Ngozi yomwe inapha Lush, ikachitika lero n'kunenedwa msanga, imachizika.

Iye sanali woyamba kapena womaliza kufa motere. M'chaka cha 1847 Jakob Kolletschka, pulofesa wa ku Vienna, anamwalira atachekedwa chala ndi mpeni poyeza mtembo, ndipo imfa yake ndiyo inatsegula maso Ignaz Semmelweis kuti azindikire chimene chinkapha amayi ongobereka kumene m'chipatala chake. M'chaka cha 1976 Geoffrey Platt anadzibaya ndi singano yokhala ndi vairasi ya Ebola ku Porton Down ku England, ndipo anadwala koma anachira. M'chaka cha 1988 Nikolai Ustinov anamwalira ku Soviet Union atadzibaya ndi singano yokhala ndi vairasi ya Marburg.

Asayansi awiri a ku America, Edward Sulkin ndi Robert Pike, anayamba kusonkhanitsa mbiri ya matenda otengedwa m'malabotale kuyambira cha m'ma 1949. Pofika m'chaka cha 1978 Pike anali atawerenga anthu 4,079 omwe anadwala motere, ndipo 168 mwa iwo anamwalira. Pa ambiri sipanadziwike ngozi yeniyeni yomwe inachitika, ndipo ankaganiziridwa kuti anapuma tizilomboto mumpweya. Koma pa omwe ngozi yake inadziwika, singano ndi jakisoni zinali m'gulu la zoyambitsa zikuluzikulu. Kafukufuku wotereyu ndiye anakhala maziko a malamulo achitetezo, monga buku la bungwe la World Health Organization lonena za chitetezo m'malabotale, lomwe linatuluka koyamba m'chaka cha 1983. Malamulowa amagawa malabotale m'magawo anayi a chitetezo, ndipo ntchito yochulukitsa Orientia kapena kuibayira m'nyama imachitikira m'gawo lachitatu.

Mfundo zake pankhani ya zida zakuthwa ndi zosavuta, ndipo n'zofanana m'labotale yaikulu ndi m'chipatala chaching'ono chakumudzi. Singano isagwiritsidwe ntchito ngati pali njira ina. Isavundikiridwenso ndi manja awiri, isapindidwe, ndipo itayidwe nthawi yomweyo m'bokosi la zida zakuthwa lomwe silinadzaze mopitirira. Nyama yoti ibayidwe tizilombo toopsa iyenera kugwiridwa ndi chida kapena kugonekedwa ndi mankhwala kuti zala zitalikirane ndi singano. Ogwira ntchito ndi magazi alandire katemera wa hepatitis B. Wobayidwa atsuke bala ndi sopo pamadzi oyenda, asaliyamwe ndi pakamwa, ndipo anene msanga kwa oyang'anira kuti aonedwe ndi dokotala, ngakhale balalo litakhala losaoneka. Ngati pali chiopsezo cha HIV, mankhwala a PEP amayenera kuyambidwa m'maola oyambirira, pasanathe maola 72, ndipo amamwedwa kwa masiku 28. Chithandizo chimenechi chimaperekedwanso m'zipatala za m'Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe.

Chikumbutso

Bungwe la boma la Australia loona za kafukufuku wa zaumoyo, National Health and Medical Research Council, linatchula dzina la Dora Lush thandizo la ndalama lomwe limapereka kwa ophunzira a madigiri apamwamba pa sayansi ya zamankhwala. Ku Walter and Eliza Hall Institute amakumbukiridwa monga mmodzi wa amayi omwe anamanga mbiri ya bungweli pa kafukufuku wa mavairasi m'zaka za m'ma 1930. Malipoti omwe analemba ndi Burnet, makamaka la bacteriophage la mu 1936 ndi la herpes simplex la mu 1939, amatchulidwabe m'mabuku ofotokoza mbiri ya sayansi ya mavairasi.